Dimba likamachoka kwa kholo kupita kwa mwana: chimasamuka n'chiyani, chimatsalira n'chiyani?

Pa 19 Novembala 2024 alimi zikwizikwi anakhamukira mumzinda wa London, ena atakwera mathirakitala. Sanapite kukadandaula za mtengo wa feteleza kapena za mvula. Nkhani inali ya msonkho wa chuma chamasiye. Masabata atatu m'mbuyomo nduna ya zachuma ya Britain, Rachel Reeves, inali italengeza kuti minda, yomwe kuyambira 1992 yambiri inkapita kwa ana popanda msonkho umenewu, iyamba kulipiridwa 20 peresenti pa gawo lopitirira mapaundi 1 miliyoni. Oonera patali ambiri anadabwa: munthu wa malo a ndalama zankhaninkhani chotere angalire bwanji kuti alibe cholipirira? Ena anati alimiwo akungofuna kumveredwa chisoni, ena anati boma likupha minda ya mabanja.

Mlanduwo sitiuweruza pano. Koma unavundukula nkhani yomwe mabanja a alimi kulikonse amaizemba mpaka tsiku la maliro: kodi bizinesi ya ulimi imachoka bwanji m'manja mwa makolo kupita kwa ana popanda kusweka? Nkhaniyi imasokoneza chifukwa muli nkhani zingapo zomangidwa mtolo umodzi. Tiyeni tiumasule, maso athu ali pa mabanja olima ndiwo zamasamba zogulitsa, chifukwa kwa iwo mfundo zake zimathina kuposa kwa alimi ena.

Kusiyirana si kugawa chuma chamasiye

Ambiri akamva za kusiyira mwana munda amaganiza za wilo. Koma wilo imayankha funso limodzi lokha: mwini akamwalira, katundu apite kwa yani? Kusiyirana bizinesi n'kokulirapo, ndipo kumatenga zaka. Pali zinthu zitatu zosiyana zomwe zimayenera kusamuka, ndipo kawirikawiri sizisamukira limodzi. Pali ntchito: ndani akulawirira kukatsegula madzi, kufesa nazale, kuyang'anira okolola. Pali ulamuliro: ndani akunena kuti chaka chino tibzala chakuti, tigulitsa kwa uje, ngongole titenga kapena ayi. Ndiye pali umwini weniweni wa malo, nyumba, makina ndi dzina la bizinesi.

Zili ngati galimoto ya pabanja. Mwana akhoza kumaiyendetsa tsiku ndi tsiku, kuitsuka, kuikonza ikafa, koma makiyi amagona m'thumba mwa bambo ndipo mapepala ali m'dzina lawo. Woyendetsa, wosunga makiyi ndi mwini akhoza kukhala anthu atatu osiyana, ndipo mkangano umabuka aliyense akamadziona ngati ndiye mwini galimoto.

M'zaka za m'ma 1990 katswiri wa zaulimi wa ku Britain, Andrew Errington, anafufuza momwe ulamuliro umasamukira m'mabanja a alimi, ndipo anapeza kuti umaperekedwa pang'onopang'ono, motsatana mofanana pafupifupi paliponse. Zoyamba kuperekedwa ndi zosankha za tsiku ndi tsiku za m'munda. Kenako mwana amaloledwa kuyang'anira antchito ndi kuganizira za mbewu za chaka chamawa. Kukambirana mitengo ndi ogula kumabwera mochedwa. Chomalizira, chomwe nthawi zina sichiperekedwa mpaka kholo litatsikira kulichete, ndi kusainira ndalama ku banki. Zotsatira zake n'zodziwika: munthu wa imvi kale, wodziwa ngodya iliyonse ya munda, koma sanatsegulepo buku la ndalama za bizinesi yomwe waigwirira ntchito moyo wake wonse. Tsiku lomwe zonse zimugwere pamutu amakhala wolira maliro komanso wophunzira ntchito nthawi imodzi.

Ofufuza ena awiri a ku Britain komweko, Clive Potter ndi Matt Lobley, anaona mbali ina. Munda womwe mlowam'malo wake akudziwika umasintha khalidwe zaka zambiri kusiyiranako kusanachitike: eni ake amagula makina, amakulitsa malo, amayesa mbewu zatsopano. Komwe kulibe woti alowe, eni amayamba kuchepetsa ntchito, osakonzanso zowonongeka. Ndiye funso loti adzalowa ndani si la mawa ayi. Limaoneka lero pa mapaipi ndi pa mpanda.

Chifukwa chake nkhaniyi yafika pena

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linanena mu 2014 kuti padziko lonse pali minda yoposa 570 miliyoni, ndipo yoposa 90 peresenti imayendetsedwa ndi munthu mmodzi kapena banja. Eni mindayi akukalamba. Kalembera wa zaulimi wa ku United States wa 2022 anapeza kuti mlimi wapakatikati ali ndi zaka 58.1, pomwe mu 2017 zinali 57.5. M'mayiko a European Union mu 2020, pafupifupi mmodzi mwa oyendetsa minda atatu aliwonse anali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo osakwana zaka 40 anali pafupifupi 12 peresenti. Ku Japan chaka chomwecho alimi odalira ulimi kwenikweni anali ndi zaka zoposa 67 pa avereji.

Pali chiwerengero china chomwe chimayenda kwambiri m'misonkhano, chonena kuti mabizinesi a mabanja ochepa kwambiri ndiwo amafika kwa zidzukulu. Chimachokera pa kafukufuku wa John Ward wa 1987, yemwe anapeza kuti 13 peresenti yokha inadutsa m'badwo wachitatu idakali m'banja. Ndi bwino kudziwa kuti iye anawerenga makampani 200 opanga zinthu a ku Illinois, osati minda. Ogulitsa uphungu amachikonda chifukwa chimaopseza, koma sichinena za dimba la munthu aliyense.

Dimba si munda wa tirigu

Mlimi wa tirigu kapena wa mbewu ina youma amakolola kamodzi kapena kawiri pachaka, n'kusunga m'nkhokwe, n'kudikira mtengo. Chuma chake chachikulu chimaoneka ndi maso ndipo chimalembeka pa pepala: mahekitala akuti, makina akuti. Wolima letesi, tomato, kabichi kapena nyemba zaziwisi alibe mwayi wodikira. Mbewu yake ikakhwima iyenera kuchoka m'munda, kutsukidwa, kupakidwa ndi kufika kwa wogula m'masiku ochepa, nthawi zina m'maola. Pa chaka amabzala kambirimbiri, mitundu yambirimbiri, ina ikumera ina ikukololedwa. Bizinesi yotere siingaime mwezi umodzi kuti abale amalize kukangana. Mlandu wa chuma chamasiye ukhoza kutha zaka ku khoti, pomwe letesi sadikira ngakhale sabata.

Chifukwa cha ichi, zinthu zamtengo wapatali kwambiri m'dimba la malonda n'zomwe loya sangazilembe mu wilo.

Choyamba ndi ogula. Mwini lesitilanti, woguliratu wa pamsika waukulu kapena wogulira masitolo akuluakulu amakhulupirira munthu, osati malo. Amadziwa kuti uyu akalonjeza mabokosi akuti Lachiwiri, amabwera nawo, ndipo zikavuta amaimba foni usiku womwewo. Chikhulupiriro chotere chimamangidwa kwa zaka ndipo sichilowa m'dzina la mwana chifukwa choti ndi mwana. Ngati ogula sanamuonepo mlowam'malo akukambirana mtengo, akuyankha dandaulo, akubweza katundu woipa, tsiku lomwe kholo lachoka amayamba kuyang'ana kwina.

Chachiwiri ndi mbiri ya nthaka. Kasinthasintha wa mbewu m'dimba si mwambo chabe. Matenda otupitsa mizu ya kabichi ndi abale ake, otchedwa clubroot, akhoza kukhala m'nthaka mpaka zaka 20 akudikira. Chimodzimodzinso matenda oola anyezi ndi adyo otchedwa white rot. Kholo limadziwa kuti chigawo chakumunsi chija sitibzalamo anyezi, chifukwa linaona zomwe zinachitika kalekale, mwana ali kusukulu. Limadziwa pomwe madzi amadikha, pomwe chisanu chimayambira, chitsime chomwe chimaphwa msanga. Ngati zimenezi sizinalembedwe kapena kuphunzitsidwa, zimapita kumanda ndi mwini wake, ndipo wolowa amaziphunzira potaya zokolola.

Chachitatu ndi antchito. Ulimi wa masamba umadya manja ambiri kuposa ulimi wina uliwonse wa m'munda: kuokera, kupalira, kuthyola, kusankha, kupakira. Okolola aluso amabwerera chaka ndi chaka kwa bwana yemwe amamudziwa, ndipo kapitawo wakale akhoza kuvutika kumvera mwana yemwe anamuona akukwawa.

Ndiye pali ziphaso. Masitolo ambiri a ku Ulaya safuna masamba opanda satifiketi ya GlobalG.A.P., dongosolo lotsimikizira kuti zokolola zinalimidwa motsata miyezo yabwino, lomwe eni masitolo anayambitsa mu 1997 lili ndi dzina loti EurepGAP. Ku United States, malo amayenera kukhala zaka zitatu osathiridwa mankhwala ndi feteleza woletsedwa kuti zokolola zake zigulitsidwe ngati organic, ndipo satifiketiyo siisamuka yokha bizinesi ikapita kwa mwini watsopano. Banja losaganizira zimenezi likhoza kusamutsa malo bwinobwino n'kutaya msika.

Onjezanipo ndalama zomwe zinakwiriridwa kale: mapampu ndi mapaipi othirira, chipinda chozizira, magirinihausi. Ku Almería m'dziko la Spain kuli mahekitala oposa 30,000 a nyumba za pulasitiki zolimiramo masamba, ndipo zambiri ndi za mabanja okhala ndi mahekitala awiri kapena atatu. Malo ochepa chonchi amadyetsa banja chifukwa pa hekitala iliyonse pali mpamba wambiri. Mukawagawa panayi, aliyense amatsala ndi chidutswa chosakwanira kulipirira pampu. Mbewu zina nazo zimamanga m'badwo wotsatira: katsitsumzukwa amatenga zaka pafupifupi zitatu kuti ayambe kukololedwa mokwanira, kenako amabereka kwa zaka zoposa khumi. Kholo lobzala lero likusankhira mwana ntchito.

Chomaliza, ndipo n'chomwe chimayatsa moto m'mabanja ambiri: madimba a malonda amakonda kukhala pafupi ndi mizinda chifukwa katundu wake sachedwa kuonongeka. Mzinda ukamakula, malo omwewo amasiririka kwa omanga nyumba, ndipo mtengo wake umakwera kuposa chomwe kabichi angabweze. Malo amodzi amakhala ndi mitengo iwiri, wa ulimi ndi wa mapuloti. Mwana wolima amawerengera woyambawo, abale ake a m'tauni amawerengera wachiwiriwo, ndipo onse sakunama.

Banja, bizinesi ndi umwini

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Renato Tagiuri ndi John Davis a ku Harvard Business School anajambula mikombero itatu yolowana: wa banja, wa ogwira ntchito m'bizinesi, ndi wa eni ake. Munthu aliyense wokhudzidwa amagwera penapake mwa malo asanu ndi awiri omwe mikomberoyo imapanga. Chithunzichi n'chosavuta, koma chimafotokoza chifukwa chake anthu okondana amakangana popanda woipa mtima.

Mwana wolima, yemwe ndi wa m'banja komanso wantchito, amafuna kuti phindu la chaka chino ligule thirakitala. Mlongo wake wokhala kutali, yemwe ndi wa m'banja ndipo ali ndi gawo koma salima, amafuna kuti phindulo ligawidwe. Kholo limafuna ndalama ya ukalamba komanso mtendere pakati pa ana. Mkamwini kapena mpongozi yemwe wakhala akusunga mabuku kwa zaka zambiri alibe gawo lililonse pa pepala. Aliyense akulankhula zoona kuchokera pomwe waima. Alangizi ambiri amati msonkhano wa bizinesi uzisiyana ndi chakudya cha pabanja, ukhale ndi tsiku lake ndi zolemba zake, kuti mawu a bwana asasakanikirane ndi mawu a bambo.

Kugawa mofanana kapena kusunga munda wathunthu

Apa ndiye pagona nkhani. Makolo ambiri amafuna zinthu ziwiri zomwe zimatsutsana: ana onse alandire mofanana, ndiponso munda usagawike. Ngati chuma chonse cha banja ndi mundawo, ziwirizi sizingatheke limodzi. Mayiko akhala akulimbana ndi funsoli kwa zaka mazana, ndipo anayankha mosiyana.

Ku England kunali lamulo loti mwini malo akamwalira osasiya wilo, malo onse apite kwa mwana wamwamuna woyamba. Linathetsedwa mu 1925. Minda inkakhala yathunthu, koma ana aang'ono ndi aakazi ankapita kukasaka moyo kwina. France inatenga njira ina. Malamulo a Napoleon a 1804 anateteza gawo la mwana aliyense, ndipo mpaka lero kholo la ana atatu kapena kuposa silingawamane magawo atatu mwa anayi a chuma chake. Chilungamo chinaoneka, koma minda inaduka zidutswazidutswa m'badwo ndi m'badwo, moti dzikolo linadzawonjezera lamulo lolola kuti mwana wolima atenge munda wonse n'kulipira abale ake ndalama.

Kumpoto kwa Germany, lamulo la minda la 1947 limapereka munda kwa mlowam'malo mmodzi, ndipo abale ake amapatsidwa ndalama yowerengeredwa pa mtengo wotsika kuposa wa pamsika. Koma muli mfundo yanzeru: wolowayo akagulitsa malowo zaka 20 zisanathe, abale aja amayenera kulandira gawo lowonjezera. Ndiye kuti anamutsitsira mtengo kuti alime, osati kuti adzagulitse. Mabanja ambiri m'mayiko opanda lamulo lotere amalemba mfundo yomweyi m'mapangano awo, ndipo pa dimba la pafupi ndi mzinda n'zovuta kuona njira ina yothetsera nkhani ya mitengo iwiri ija.

Ku Norway ufulu wa banja pa malo olima ndi wakale kwambiri ndipo unalowa m'malamulo oyendetsera dziko a 1814. Mwana wamkulu ndiye amakhala patsogolo, ndipo lamulo la 1974 linayamba kuika ana aakazi pamzere umodzi ndi aamuna. Japan inathetsa mu 1947 dongosolo loti mwana wamwamuna woyamba atenge zonse monga mutu wa banja.

Palibe mwa njirazi yomwe ilibe olira. Kusiyira mmodzi kumasunga bizinesi koma kumasiya ena akudzifunsa ngati makolo ankawakonda mofanana. Kugawa mofanana kumasunga mtendere wa tsiku la maliro koma kumasenzetsa wolimayo ngongole yogulira magawo a abale ake, ngongole yomwe phindu la masamba, lomwe limakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, silingathe kubweza. Njira zapakati zilipo: ana osalima kupatsidwa katundu wina monga nyumba kapena ndalama ya inshuwalansi ya moyo, kapena onse kukhala eni malo koma wolima yekha n'kukhala mwini bizinesi, n'kumalipira lendi kwa abale ake.

Thukuta la mwana wotsalira

Pali ngongole ina yomwe siilembedwa kawirikawiri. Mwana mmodzi anatsala pamunda anzake atapita kukaphunzira ndi kukagwira ntchito. Kwa zaka zambiri ankalandira chakudya, pogona ndi kandalama kochepa, atauzidwa kuti zonsezi zidzakhala zako. M'zaka zimenezo dimba linakula, ogula anachuluka, chipinda chozizira chinamangidwa. Pogawa, kodi kukula kumeneko n'kwa onse mofanana?

France inayankha funsoli ndi lamulo mu 1939. Mwana woposa zaka 18 yemwe anagwira ntchito pamunda wa makolo osalandira malipiro ali ndi ufulu wotenga malipiro ochedwawo kuchokera pa chuma chamasiye chisanagawidwe, mpaka a zaka khumi. Ku Japan unduna wa zaulimi wakhala ukulimbikitsa kuyambira 1995 mapangano olembedwa a m'banja, onena za malipiro, masiku opuma ndi udindo wa aliyense, makamaka wa akazi ndi ana. M'mayiko ena nkhani yotere imakathera ku khoti, mwana akuyesa kutsimikiza lonjezo lomwe linanenedwa pakamwa pakati pa mizere ya tomato, wolonjezayo atamwalira kale. Lonjezo la pakamwa ndi lotsika mtengo polipereka, koma limadula kwambiri polifunsa.

Nanga okalamba adya chiyani?

Anthu amafulumira kunena kuti makolo ndi ouma mtima, safuna kusiya. Koma alimi ambiri alibe penshoni ina kupatula munda. Phindu lonse ankalibwezera m'nthaka ndi m'makina. Akapereka zonse lero, mawa adalira chifundo cha mwana ndi cha mkazi kapena mwamuna wa mwanayo, ndipo ukwati ukatha kapena ngongole ikamira, chikole cha ukalamba wawo chimapita.

Alimi a ku Germany ndi Austria anali ndi yankho lakale: pangano lolembedwa loti makolo akapereka munda apatsidwe kanyumba kawo pamalo pomwepo, chakudya, nkhuni ndi chisamaliro mpaka imfa. Mapangano amenewa ankalembedwa mwatsatanetsatane, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale kale chikondi chokha sichinkadaliridwa. Masiku ano mfundo yomweyi imaoneka ngati lendi yomwe mwana amalipira kwa makolo, kapena ufulu wa makolo wokhala m'nyumba ya pamunda moyo wawo wonse ngakhale dzina litasintha.

Ndalama si zonse. Munthu yemwe dzina lake lakhala pa mabokosi kwa zaka makumi anayi, akasiya amakhala ndani? Mabanja omwe zimawayendera amapezera kholo ntchito yeniyeni yokhala ndi malire, monga kusamalira nazale, osati udindo wosadziwika wongoyendayenda n'kumatsutsa zomwe mwana walamula antchito.

Njira zosamutsira, ndi pomwe msonkho umalowera

Zida zake si zambiri. Pali wilo, yomwe imasunga mphamvu kwa kholo mpaka mapeto koma imasiya mwana m'chikayiko. Pali kupereka uli moyo, komwe kumapatsa mwana chikole chotengera ngongole koma kumachotsa chitetezo cha kholo. Pali kugulitsa pang'onopang'ono. Ndipo pali kulembetsa bizinesi ngati kampani kapena mgwirizano, kuti chosamuka chikhale masheya, osati zidutswa za nthaka. Njira imeneyi imalola kuti mwana atenge gawo laling'ono chaka chino, lina zaka zikubwerazi, munda uli wathunthu. France inakhazikitsa mu 1962 mtundu wa mgwirizano wotchedwa GAEC, womwe makolo ndi ana ambiri amaugwiritsa ntchito polima limodzi ngati eni ofanana mphamvu.

Alangizi amakonda kulekanitsa malo ndi bizinesi, ndipo pa ulimi wa masamba zimenezi zimamveka. Bizinesi, kutanthauza makina, makontirakiti, antchito ndi dzina, imapita msanga kwa wolima. Malo amatsala kwa makolo kapena kwa banja lonse, n'kubwereketsedwa pa lendi ya zaka zambiri. Kutalika kwa lendiyo n'kofunika, chifukwa palibe angakwirire mapaipi kapena kumanga girinihausi pa malo omwe angachotsedwepo chaka chamawa.

Msonkho umakankha zonsezi mbali iyi kapena iyo. Komwe kusiya munda pa imfa kulibe msonkho koma kupereka uli moyo kuli ndi zovuta, makolo amadikira. Ndi chifukwa chake ena ku Britain ankati msonkho watsopano ulimbikitsa kusiyirana msanga komanso uchepetsa olemera ogula minda pongofuna kuzemba msonkho, pomwe alimi ankati malo ndi odula koma phindu lake ndi lochepa, choncho ana adzagulitsa gawo la munda kuti alipire. Ireland inayesa njira ya nyambo: kuyambira 2017, kholo ndi mlowam'malo wosakwana zaka 40 akalembetsa mgwirizano wolonjeza kusamutsa 80 peresenti ya katundu wa pamunda pakati pa zaka zitatu ndi khumi, amachotseredwa msonkho wofika mayuro 5,000 pachaka kwa zaka zisanu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko ndipo amasinthasintha, choncho apa loya ndi wowerengera ndalama sazembeka. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo matenda, ngozi kapena kutha kwa ukwati sizipereka chenjezo.

Pakakhala palibe mwana wofuna

Izi zikuchuluka, ndipo si tsoka nthawi zonse. Mwana wolowa chifukwa cha manyazi amatha kuvutika yekha n'kuvutitsanso munda. Kwinaku kuli achinyamata ofunitsitsa kulima masamba koma alibe malo, ndipo ulimi umenewu ndi womwe ambiri amayambira chifukwa sufuna mahekitala ochuluka. Kuwakumanitsa ndi alimi okalamba ndi ntchito yomwe mabungwe ena ayamba. Ku France, bungwe la Terre de Liens, lomwe linayamba mu 2003, limagula minda ndi ndalama za anthu wamba n'kuibwereketsa kwa alimi atsopano kuti isachoke mu ulimi. European Union imalamula kuti mayiko ake apatule ndalama zofanana ndi 3 peresenti ya thandizo lopita kwa alimi mwachindunji kuti zithandize alimi achinyamata. Kapitawo wakale nayenso akhoza kukhala mlowam'malo woyenera kuposa mwana wobereka, ngakhale kuti mabanja ochepa ndiwo amalimba mtima kunena zimenezi poyera.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Ngakhale akatswiri sagwirizana kuti munda uwerengeredwe pa mtengo uti pogawa: wa zomwe ungabereke, kapena wa zomwe wogula angapereke? Ndipo ogula okhulupirika, nthaka yosamalidwa bwino ndi gulu la antchito aluso, zomwe ndi mtima wa dimba, zingaikidwe mtengo wanji, popeza zikhoza kutha chaka chimodzi wolowa akalakwitsa?

Sizikudziwikanso bwino ngati kuchotsera minda msonkho kumathandiza mabanja olima kapena kumangokweza mtengo wa malo mpaka wachinyamata wopanda cholowa sangaufikire. Umboni umakokedwa mbali zonse, ndipo yankho likhoza kusiyana pakati pa dimba la mahekitala atatu ndi munda wa mahekitala chikwi.

Nzeru za makolo nazo zili pa mayeso. Nyengo ikusintha, tizirombo tikufika komwe kale kunalibe, madzi othirira akuperewera m'madera ambiri olima masamba. Kalendala yobzalira yomwe yagwira ntchito zaka makumi atatu idzagwirabe zaka makumi atatu zikubwerazi? Mwana akafuna kusintha mbewu kapena njira yothirira, ndani angadziwe ngati ndi kupupuluma kwa ubwana kapena ndi kuona patali?

Palinso za anthu omwe mapepala amawaiwala. M'madimba ambiri akazi ndiwo amasamala nazale, kusankha katundu ndi kusunga mabuku, koma ana aakazi safunsidwa kawirikawiri ngati akufuna kulowa. Malamulo anasintha m'mayiko ambiri, koma maganizo a makolo akutsalira. Ndipo anthu akukhala ndi moyo wautali: kholo la zaka 85 likhoza kukhala ndi mwana wa zaka 60 yemwe naye akuganiza zopuma. Zikatero munda upite kwa mwanayo, kapena udumphe n'kupita kwa mdzukulu, ndipo yemwe wadumphidwayo zaka zake zonse zija amubwezera ndani?